Ndinamva Mawu Anga pa Windo la Basi

Muli tyani nonse? Akumbuyo mukundimva? Chabwino. A Sakala, amene akonza msonkhano uno, anandipempha kuti ndilankhule mwaulemu chifukwa pali ana a sukulu. Ndiyesa. Koma zimene zinandichitikila zinalibe ulemu, ndiye mundipilile pamene ndizitchule maina ake.

Ine ndine Malita Zuze. Ndimakhala ku Nyimba, koma kwathu ndi ku Nyampande, konkuno ku Petauke. Bambo anga anabwela kuno ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela, iwo anatsala, anakwatila amai anga, Mnsenga wa konkuno, nayamba kulima dimba la tomato ndi lepu. Ine ndinabadwila pano, sukulu ndinaphunzila pano.

Nditamaliza sekondale, koleji sinatheke. Ndinapita ku Nyimba kukakhala ndi amai aang'ono, a Esinati, amene amagulitsa nthochi pamsewu waukulu pamene mabasi amaima. Ndinapeza nchito m'kantemba ka a Mwanza: kuchaja mafoni, kuika nyimbo ndi mafilimu pa memoli kadi, ndi kuyang'anila anyamata osewela magemu pa TV kuchipinda cha kumbuyo. Mmenemo ndimo ndinakumana ndi anime, makatuni a ku Japani aja amene atisonkhanitsa lelo. Ndinawakonda mopenga. Vuto linali limodzi. Anthu a m'katunimo amalankhula Chijapani, pansi pamadutsa mawu a Chingelezi, ndipo amadutsa mothamanga. Ana a pamsika ankangoona malupanga ndi moto, nkhani osaimva. Ankandikoka chitenje: "Anti Malita, wati chinji uyo?" Ndinayamba kuwamasulila nditaima pambali pa TV. Kenako ndinati, bwanji osajambula mawu anga n'kuwalowetsa m'filimu momwemo?

Masana makasitomala akachepa ndinkalowa m'kachipinda kosungila katundu, kudzifunda bulangeti kumutu kuti phokoso la malole lisalowe, n'kumalankhula pa foni. Mfumu ndine, chimphona ndine, kamwana kolila ndine. Chinyanja chathu chomwechi, pena Chinsenga pamene Chinyanja chapelewela. Ndinkatuluka m'bulangetimo thukuta lili kamukamu, koma ndikuseka ndekha.

Mafilimuwo anayenda pa memoli kadi mpaka ku Ndake, ku Sinda, ku Chipata. Munthu wina anawaika m'gulu la pa foni la okonda anime a m'dziko lonse, nanenso anandilowetsamo. Ndinasangalala. Ndinkaganiza kuti ndapeza abale.

Sindinadziwe kuti ndalowa m'nyumba imene anthu ake akumenyana kale. Mbali ina kunali anyamata odzitcha Alonda. Mtsogoleli wawo ankadzitcha Kaputeni, wa ku Lusaka, ndipo mpaka lelo nkhope yake sindinaione. Iwo ankati anime isakhudzidwe, uionele m'Chijapani kapena uisiye, komanso kuti akazi akulowelela kuti aononge zinthu za amuna. Mbali inayo kunali atsikana ndi anyamata ena ophunzila, amene ankati makatuni ndi magemu ambili amanyoza akazi ndi anthu akuda, ayenela kukonzedwa. Mikangano imeneyi onse anachita kuitola pa intaneti kwa anthu a kunja, ndi matukwano ake omwe. Ine ndinalibe mbali. Ndinkangofuna kuti ana a pamsika amve nkhani.

Chimene chinayatsa moto ndi ichi. M'filimu ina muli mtsikana wosula malupanga. Adani afika pamudzi, mkulu wa asilikali akumuuza kuti iye atsale kunyumba. Mawu a Chingelezi pansi anangoti nayenso apita. Koma ukaona nkhope ya mtsikanayo, ukamva mmene wakuwila, si "nanenso ndipita" wamba. Ndiye ine ndinati: "Ngati mantha akugwilani, tsalani ndinu muzilonda mbuzi. Ine ndapita." Ana a ku Nyimba anagwa pansi ndi kuseka. Mawuwo anafika mpaka kwa azimai a kuchigayo, ankawauza amuna awo.

Kaputeni anadula kachidutswa kameneko n'kukaika m'gulu. Analemba kuti, "Onani kamtsikana ka kumudzi kakulowetsa ndale za akazi m'zinthu zimene sikazimva." A mbali ina aja anandinyamula m'mwamba. Malita ngwazi yathu, Malita ayankhe, Malita usawasiye. Ndipo ndinayankha. Pakamwa ndinali napo, ndikadali napo. Kutukwana kumakoma ukamaona timitima tofiila tikuchuluka pansi pa mawu ako. Ndinkadzuka ndi foni, kudya ndi foni. Kasitomala aime pa windo, ine ndili pankhondo ndi anthu amene sindinawaonepo. Kujambula mawu ndinasiya, nthawi yake panalibe.

Alonda anayamba kundifufuza. Anapeza kavidiyo ka pa ukwati wa msuweni wanga, bambo anga akulankhula ndi lilime lawo lija limene mpaka lelo limakokela ku Mozambiki. Anakasandutsa nthabwala. "Mwana wa othawa nkhondo, bwelela kwanu ukaononge za kwanu." Kenako anatenga nkhope yanga pa chithunzi cha kwaya, n'kuiika pa thupi la mkazi wamaliseche. Makina a masiku ano amasoka bwino zimenezo, msoko suoneka. Ndipo sanachisiye m'gulu lawo. Chinadutsa mwa mnyamata wina wa kwathu mpaka m'gulu la pa foni la achinyamata a kutchalitchi.

Zinthu zinagwa motsatizana. Ndinali ndi chibwenzi, Daliso, mphunzitsi ku Ndake, akwawo anali atafika kale kwathu kudzafunsila. Anandiimbila: "Ndikudziwa kuti si iwe, Malita. Koma ana a sukulu achiona. Ndiima bwanji kutsogolo kwa kalasi?" Ukwati unathela pa foni pomwepo. Amai otsogolela kwaya anati ndiyambe ndapumula mpaka nkhani izizile. Ku kantemba kunkabwela amuna opanda foni yochaja, kudzangondiyang'ana kuyambila kumutu kutsika.

Nanga aja a "ngwazi yathu"? Analemba kuti tili nawe Malita, anaika nkhope yanga pa mafoni awo kwa masiku ochepa, kenako kunabuka mkangano wa gemu ina yatsopano, onse anasamukila kumeneko. Mmodzi anakumba filimu imene ndinamasulila kale, ya akazi ovala zazifupi, nati nanenso ndine wogulitsa akazi anzanga. Palibe amene anafunsa ngati ndadya.

Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi, ati ndipeze tulo. Posakhalitsa kachasu ndinkamuthila m'botolo la madzi, kumwela pa nchito. Tsiku lina mnyamata wina kuchipinda cha magemu anandionetsa chithunzi chija akuseka, "Anti, ndinu?" Ndinanyamula mpando n'kuponya. Iye anazinda, mpando unaphwanya TV ya a Mwanza. Ndinagona m'selo ya polisi, nchito inatha. Amai Esinati ndiwo anakanditulutsa, anakachondelela a Mwanza kuti nkhani isafike kukhoti.

Ndinapitiliza kumwa. Kumudzi sindinkapita, bambo akaimba sindinkayankha. Ndinagonapo m'ngalande kuseli kwa msika dzuwa lili pamutu, ana omwe aja ndinkawamasulila mafilimu atandizungulila. Ndinaganizapo zodzipha, ndisakubiseni. Ndikunena poyela chifukwa ndikudziwa kuti m'chipinda muno muli wina amene maganizo amenewo amamuchezela, ndipo akuganiza kuti ali yekha.

Amai Esinati si munthu wa maulaliki. M'mawa wina anangondivundukula chofunda.

"Iwe Malita, m'nyumba muno anthu amoyo sagona masana. Dzuka, senza beseni."

"Amai, anthu akandiona."

"Akuone. Nthochi sizigula zokha."

Ndinamanga duku mpaka m'maso kuti asandizindikile, ndinasenza beseni, ndinawatsata kumsewu. Mutu unkawawa ngati wina akukhoma msomali, m'kamwa muli khambi. Inafika basi yaikulu yochokela ku Chipata kupita ku Lusaka. Azimai onse anathamanga, mabeseni m'mwamba, "Nthochi! Nthochi zakupsa!" Ine ndinatsalila m'mbuyo. Ndinakaima pansi pa windo lina, osati kuti ndigulitse, koma chifukwa panali mthunzi.

Ndiye ndinamva munthu akukuwa m'basimo: "Ngati mantha akugwilani, tsalani ndinu muzilonda mbuzi!"

Ndinaganiza kuti mowa wayamba kundilankhulila m'mutu. Ndinakweza maso. Pa windopo panali amai ena ovala bwino, pamiyendo pawo kamtsikana kali ndi bandeji yaikulu pa diso limodzi. Kanagwila foni pafupi ndi khutu, kakuseka mpaka mapewa kugwedezeka.

Ndinati, "Amai, pepani, filimuyo mwaitenga kuti?"

"Tinagula ku Chipata," anatelo. "Ndi za anyamata ena a ku Lusaka. Mwanayu tikupita naye kuchipatala cha maso, zolembalemba sangawelenge. Koma akamva izi amaiwala kuti diso likuwawa."

Anatembenuza foni kuti ndione. Pakona pa sikilini panali chidindo, chozungulila bwinobwino: Alonda. Pansi pake nambala ya foni ya amene akufuna kugula zina. Dzina langa, limene ndinkatchula kumayambililo kwa filimu iliyonse, anali atalidula.

Apa ndifuna mundimve bwino. Anthu omwe aja anati ndaononga anime, ndine wa kumudzi, ndibwelele ku Mozambiki, anthu amene anandivula pamaso pa tchalitchi chonse, ankagulitsa mawu anga. Ine ndili m'ngalande, mawu anga ali pa nchito, akuwagwilila iwo. Miyezi yonse ija ndinali ndi manyazi okhaokha, ndipo mkwiyo wonse ndinkadzithila ndekha, pamodzi ndi kachasu. Tsiku limenelo mkwiyo unatembenuka, unayang'ana kumene unayenela kuyang'ana.

"Amai," ndinatelo, "mawu amenewo ndi anga."

Anandiyang'ana. Duku mpaka m'maso, maso ofiila, ndipo fungo analimva, ndinaona mphuno yawo. Anakokela chikwama chawo pafupi. "Ee, mwana wanga. Nthochizo ugulitsa bwanji?"

Ndinatula beseni pansi. Ndinavula duku. Ndinauza kamtsikana kaja kuti, "Iwe mnzanga, bweza kumbuyo pang'ono, uchotse mawu, uyang'anitse foni kuno." Kanachita msanga amai ake asanakaletse.

Ndipo ine, pamsewu pa Nyimba, pakati pa makoko a nthochi ndi utsi wa dizilo, ndinalankhula gawo lonse lija. Mkulu wa asilikali ndi mawu ake a m'mphuno. Mtsikana wosula malupanga. Chimphona chimene chimaseka ngati galimoto yokana kulila. Pakhosi panali posasa ndi mowa, koma mawu anatuluka, ndipo ankagwela ndendende pa milomo ya makatuniwo. Ndinali ndisanaiwale ngakhale pamene chimphona chimatsokomola. Mawindo ena anatseguka. Kondakitala anasiya kukuwa. Kamtsikana kaja kanatulutsa mutu pa windo, kakumenya amai ake pa mkono: "Amai, ndi yemweyo! Ndi yemweyo!"

Kumbuyo kwa basi mwamuna wina anakuwa: "Si uja wa pa chithunzi uyo?"

Kale ndikanathawa, beseni kulisiya pomwepo. Koma pakamwa panali patatseguka kale. Ndinamuyankha mokweza kuti basi yonse imve: "Ndine! Nkhope ndi yanga. Thupilo mukafunse amene anasoka, mwina ndi la mlongo wake!"

Azimai a nthochi anaphulika kuseka, ndipo sankaseka ine. Mwamuna uja anabweza mutu m'kati. Amai a pa windo aja anandiyang'ana kanthawi, nati motsitsa, "Nanga mwana wanga, ndi mphatso yotele, maso amenewo wawatani?" Pomwepo basi inaliza hutala n'kunyamuka. Kadzanja ka kamtsikana kaja kanali panja mpaka pokhota.

Amai Esinati anafika natola beseni. "Wamaliza? Nthochi zanga wazisiya padzuwa." Koma maso awo anali onyowa.

Ndinati, "Amai, pansi pa matilesi pali mabotolo."

"Ndikudziwa. Amasesa m'nyumbamo ndine. Ndimadikila kuti unene wekha."

Manje musaganize kuti ndinadzuka m'mawa mwake ndili mngelo. Ndinagwanso kangapo. Koma kuyambila tsiku limenelo, ndikagwa ndinkanena, sindinkabisanso. Amai Esinati anandipelekeza ku kiliniki, kumene kuli amai aphungu amene amakamba ndi anthu a mowa. Kwa iwo ndinatchula zonse, ngakhale maganizo odzipha aja, ndipo denga silinagwe. Masiku oyamba manja ankanjenjemela moti nthochi ndinkagwetsa. Ndinkakhalabe pamsewu tsiku lonse pakati pa azimai aja, chifukwa pamene pali maso ambili botolo silifika pakamwa.

Foni yaikulu ndinawapatsa amai Esinati kuti asunge, ine ndinatsala ndi kafoni ka mabatani. Ndisanaipeleke ndinatuluka m'gulu lija, kuwasiya Alonda ndi enawo omwe, popanda kutsanzika. Mtsikana wina wa mbali imene inkati ndi yanga anandiimbila.

"Malita, ukatuluka ndiye kuti apambana."

Ndinati, "Apambana chiyani, pali chikho? Iwe unali kuti ine ndili m'selo?"

Anadula foni.

Koma mauthenga a Alonda aja sindinafufute, ndipo inunso musamafufute. Zonse zimene ananditumizila ndinasunga, ndinapita nazo ku polisi, kuofesi imene imaona za nkhanza. Ndinena zoona: Kaputeni sanapezeke mpaka lelo. Koma mnyamata wa kwathu uja amene analowetsa chithunzi chija m'gulu la tchalitchi anaitanidwa pamodzi ndi makolo ake. Anali kulila ngati mwana, ati anangotumiza, sanapange ndiye. Wapolisi wamkazi amene anatilandila anamufunsa kuti, "Ukanatumiza chikanakhala cha amako?" Ine sindinamumvele chisoni, ndisaname. Chisoni chinabwela mochedwa.

Chovuta kwambili chinali kupita kumudzi. Ndinatsika minibasi, ndinayenda wapansi mpaka ku Nyampande, ndinapeza bambo kudimba akuthilila tomato. Ndinagwada chapatali. Iwo anamaliza kaye mzela umene anali nawo, natula ndowa.

"Wabwela," anatelo.

"Ndabwela, bambo. Ndakuchititsani manyazi."

"Za chithunzizo anandiuza anthu kumsika. Amako anachiona, anati si iwe, zinathela pomwepo. Chimene chinandiwawa ine si chimenecho. Ndi foni yanga imene sunkayankha. Ndinataya abale anga onse kwathu osadziwa kumene anagwela. Ndiye mwana wanga ali pa Nyimba pomwepa, nayenso asowe?"

Pamenepo ndinalila, kulila kumene sindinalile m'selo. Nditatonthola ndinawauza za kavidiyo kaja, mmene ankasekela lilime lawo. Ndinkaganiza kuti akwiya. Anaseka mpaka kugwila m'chiuno.

"Aseka lilime langa? Lilime limeneli linapempha madzi pamalile, anthu a kuno anandipatsa. Linafunsila amako, anavomela. Likwanila."

Lamulungu lotsatila ndinapita kutchalitchi ndi amai anga ondibala. Nthawi ya zolengeza ndinaimilila. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja kuti ndikhale pansi, ati nkhani zotele timakambila kuofesi. Amai anga, amene salankhula pagulu, anaimilila pambali panga. "Chithunzi sichinayendele kuofesi, bambo. Msiyeni anene." Ndipo ndinanena. Ndinati chithunzi chija ndi chabodza. Amene munangochiona simunalakwe, amene munachitumiza kwa mnzanu munalakwa. Za mowa ndi za mpando umene ndinaponyela mwana wa eni ndikulapa, pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu. Koma za chithunzi sindilapa, chifukwa sindinachimwe ndine. Nyimbo itayamba ndinapita kukaima pamalo anga m'kwaya, popanda kudikila kuti wina andiitane. Palibe anandichotsa.

Daliso naye anamva. Anabwela ku Nyimba atavala malaya ositidwa bwino, anandipeza pamsewu. "Malita, ndaganiza kwambili. Ndakukhululukila."

Ndinamufunsa kuti, "Wandikhululukila chiyani?"

Ndinamudikila ndithu, chifukwa ndinkafunadi kumva. Iye anangokonza kolala ya malaya ake ositidwa aja. Ndinamupatsa nthochi zoti adye m'njila. Anakwatila wina, ndipo sindimufunila zoipa.

A Mwanza ndinakawapepesa, ndinawagwilila nchito mpaka za TV yawo zinatha. Kenako ndinabwelela m'bulangeti. Lomba dzina langa sinditchulanso kumayambililo kumene munthu angadule. Ndimaliika pakati penipeni pa ndeu. Chimphona chikamagwa chimakuwa kuti, "Mayo, Malita Zuze wa ku Nyimba wandipha!" Adule pamenepo tione ngati filimu igulike. Ndipo m'filimu ina muli nkhalamba yopalasa bwato. Mawu ake ndi a bambo anga, ndi lilime lawo lomwe lija. Anafunda bulangeti iwonso, kudandaula kutentha, koma anabweleza mpaka anakhutila okha.

Chinthu china ndinachiona nditakhala pansi. Ndinakwiya kuti andibela mawu, koma zithunzi za mafilimuwo nazonso si zanga, eni ake ali ku Japani ndipo sandidziwa. Ndiye tayamba zathu. Pali mtsikana wa ku Ndake, Tisa, uyo wakhala pafupi ndi khomoyo, amajambula mpaka ungaganize kuti pepala lipuma. Iye amajambula, ine ndimaika mawu. Nkhani yathu ndi ya mtsikana wa m'minda ya thonje amene amamva zimene mphepo ikunena. Ndi yaifupi, zithunzi siziyenda bwino, mbuzi yake imaoneka ngati galu. Koma ndi yathu kuyambila kumutu mpaka kumchila, ndipo palibe Mlonda amene angatiuze kuti taiononga.

Loweluka masana timaonetsa mafilimu m'chipinda cha kuseli kwa telala wina ku Nyimba, ndipo pali gemu imodzi imene timasinthana. Lamulo ndi loti mtsikana akafika pa mzela amasewela, ndipo amene watukwana amatuluka. Musaganize kuti sitikangana. Pali mnyamata wina, Mabvuto, amene akudziphunzitsa Chijapani pa foni. Mpaka dzulo lomweli anali kundiuza kuti za mbuzi zija ndinaonjeza, mtsikana uja sanatchule mbuzi. Ndinati inde sanatchule, koma nkhope yake inatchula. Iye akuti womasulila asamaike zake. Ine ndikuti womasulila amene saika mtima wake ndi bwino akagulitse makala. Timakangana mpaka mawu kusasa, pena iye amakhoza, ndipo ndimavomela. Koma amandiuza akundiyang'ana m'maso, dzina lake ndikulidziwa, amai ake ndimakumana nawo kuchigayo. Mkangano wotele ndimaukonda. Umene ndinakana ndi uja wa anthu obisala, amene amafuna kuti ukhale mbendela yawo kapena chandamale chawo choponyela miyala.

Anime sindinasiye ndipo sindidzasiya. Sanandipatse ndi Kaputeni, sangandilande. Amene akuti mtsikana wa kumudzi, mwana wa munthu wothawa nkhondo, alibe malo m'zinthu zimenezi, abwele Loweluka adzaone mmene chipinda chimadzalila.

Iwe mtsikana amene chithunzi chako chikuyenda m'mafoni panopa, kaya ndi chosoka kaya ndi chenicheni chimene unatumizila munthu amene unamukhulupilila, ndimvele. Usadzitsekele m'nyumba, ndipo usapite ku botolo, ndinakafikako, kulibe kanthu. Uza munthu wamkulu mmodzi lelo lomwe. Sunga mauthenga onse. Tikatuluka muno ndikaima pansi pa mtengo uli panjapo. Ngati mawu akukanika, ungobwela udzaime pambali panga, ndidziwa.

Manje inu anyamata, ndi atsikana ena omwe. Petauke ndi yaing'ono. Ndikudziwa kuti chithunzi changa chija chili m'mafoni ena m'chipinda chino, ndipo ngati si changa ndi cha mtsikana wina amene mwina mwakhala naye benchi imodzi. Sindikuuzani kuti mukweze manja, maina sindifuna. Tulutsani mafoni nonse, kuti amene ali nacho asaonekele. Nonse, ndi inu a Sakala omwe. Tsegulani. Amene ali nacho afufute, ndipo afufutenso kumene zofufutidwa zimakabisala, ndinagwila nchito ya mafoni, ndikukudziwa kumeneko.

Musayang'ane ine, yang'anani foni. Ndaima pompano, sindikuthamangila kulikonse. Ndidikila.